Mwana, njati ndi pepala loyera: mmene akatswiri a ku China amajambulira ubwana wawo

Amene amayendayenda pa Facebook kapena pa TikTok ayenera kuti anakumanapo nazo zithunzi zimenezi. Kamnyamata kakhala pamsana pa njati yoweta, chipewa chili lende kumbuyo. Ana atatu akuthamanga ndi kaiti. Mwana wagona tulo pafupi ndi nyali, buku lili chitsegukire. Mizere yake ndi yowerengeka, utoto ndi wosungunuka, ndipo mbali yaikulu ya pepala ili mbee, yosakhudzidwa n'komwe. Cham'mbali mumatsetsereka zilembo za Chitchaina, pansi pake pali kachidindo kofiira. Anthu ambiri akaziona amavomera kuti n'zokongola, koma amafunsanso moona mtima: kodi wojambulayo anamaliza ntchito yake? Bwanji ana ena alibe maso? Kodi izi mwana wa sitandade 3 sangazichite?

Mafunso amenewa ndi omveka, ndipo ku China komweko anthu akhala akukangana nawo kwa zaka mazanamazana. Komabe kajambulidwe kameneka si masewera. Mu December 2017, zithunzi 12 za mapiri ndi mitsinje zimene anajambula a Qi Baishi, munthu amene anayamba moyo wake akuweta ng'ombe ndi kupala matabwa, zinagulitsidwa pa okushoni ku Beijing pamtengo wa ma yuan 931.5 miliyoni, omwe ndi pafupifupi madola 140 miliyoni a ku America. Mtengo pawokha sutsimikizira luso, koma ukutiuza kuti eni ake amaona china chake m'mizere yochepayi chimene ife tingachidumphe. Kuti tichione, tiyenera kudziwa kaye njira yake, zipangizo zake, komanso chifukwa chimene anthu okalamba amaigwiritsira ntchito akafuna kubwerera ku ubwana.

Njira ziwiri za burashi imodzi

Kujambula kwa makolo a ku China kuli ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba imatchedwa gongbi, kutanthauza kujambula mosamala kwambiri. Wojambula amayamba ndi kulemba malire a chinthu ndi mzere woonda zedi, kenako amapaka utoto wopyapyala, kudikira uume, n'kupakanso wina pamwamba pake, kangapo konse. Nthenga iliyonse ya mbalame imaoneka, maluwa a pansalu amawerengeka. Imeneyi ndiyo inkakondedwa m'nyumba za mafumu, ndipo chithunzi chimodzi chimatha kudya masabata.

Yachiwiri ndiyo xieyi, liwu lomwe potchula limamveka ngati "shiye-yi", ndipo tanthauzo lake ndi kulemba ganizo. Burashi yake ndi yomweyo yolembera zilembo, kagwiridwe n'komweko, moimika chilili, ndipo wojambula wa njira imeneyi amatha zaka akuphunzira kulemba bwino asanayambe kudziwika ndi zithunzi. Iye safuna kuonetsa tsitsi lililonse la njati. Amafuna kulemera kwa njatiyo, ulesi wake, mmene imakokera khosi mwana akaikoka chingwe.

Maganizo amenewa ndi akale. Su Shi, mlembi wa ndakatulo komanso mkulu wa boma amene anakhala ndi moyo kuyambira 1037 mpaka 1101, ananena kuti munthu woweruza chithunzi pongoona ngati chikufanana ndi chinthucho, nzeru zake sizili kutali ndi za mwana. Iye yemweyo analemba za mnzake Wen Tong, katswiri wojambula nsungwi, kuti munthu asanagwire burashi ayenera kukhala ndi nsungwi yonse yathunthu mumtima, kenako n'kuitsanulira papepala mofulumira isanamuthawe. Pambuyo pake kunabwera Xu Wei, wa m'zaka za m'ma 1500, amene ankachita kukhuthulira inki papepala n'kutulutsamo mphesa ndi masamba ake. Kunabweranso Bada Shanren, wa kubanja lachifumu la Ming, amene ufumuwo utagwa mu 1644 anathawira m'nyumba ya amonke a Chibuda, n'kumajambula mbalame ndi nsomba za mizere itatu kapena inayi, maso ali tong'o kuyang'ana kumwamba. A Qi Baishi ankawalemekeza anthu amenewa mpaka kulemba kuti akanakonda akanabadwa zaka 300 m'mbuyomo, kuti azikawaperera inki ndi kuwayalira mapepala.

A Qi ndiwo anaika lamulo la njira imeneyi m'mawu amene ophunzira kujambula ku China amawaloweza. Anati ubwino wa chithunzi uli pakati pa kufanana ndi kusafanana: chikafanana kwambiri ndiye kuti ukungosangalatsa anthu, chikapanda kufanana n'komwe ndiye kuti ukuwanamiza.

Inki, pepala ndi madzi

Pa intaneti zithunzi zimenezi amakonda kuzitcha za utoto wa madzi, ndipo n'zoona kuti madzi ndiwo amayendetsa zonse. Koma zipangizo zake zimasiyana ndi tiutoto tam'bokosi timene ana amagwiritsa ntchito kusukulu, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kumabala maonekedwe ake.

Inki yake simabwera m'botolo, ngakhale masiku ano ya m'botolo iliponso. Imakhala kamtengo kouma gwa, kopangidwa ndi mwaye wa mitengo ya paini kapena wa mafuta, wosakaniza ndi guluu wochokera ku zikopa za nyama. Wojambula amadonthezera madzi pakamwala kosalala, n'kumapera kamtengoko mozungulira mpaka madziwo ade. Akathira madzi ambiri inki imatumbuluka, akachepetsa imada bii. Akale ankati inki ili ndi mitundu isanu, kutanthauza kuti wakuda yemweyo amayambira pa wakuda wowirira mpaka pa wotuwa wongooneka pang'ono. Chifukwa cha guluu uja, inki ikauma sichokanso, ngakhale pepala litanyowa pomata pansalu yolimbitsira.

Burashi ndi ya ubweya wa nyama womangidwa kumphuno ya kansungwi. Ya ubweya wa mbuzi ndi yofewa ndipo imasunga madzi ambiri. Ya ubweya wa kanyama kofanana ndi likongwe ndi yolimbirapo, yoyenera mizere yakuthwa. Utoto umakhalapo koma mochepa: wobiriwira ndi wabuluu wochokera ku miyala yopera, wina wabuluu wochokera ku masamba, wachikasu wochokera ku utomoni wa mtengo, wofiirira wa dothi.

Chinsinsi chachikulu chili m'pepala. Lotchuka kwambiri limatchedwa Xuan, ndipo limapangidwa m'boma la Jing, m'chigawo cha Anhui, kuchokera ku makungwa a mtengo wina wa kumeneko ndi mapesi a mpunga. Mu 2009 bungwe la UNESCO linaika kapangidwe kake pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Pepalali lili mitundu iwiri ikuluikulu. Lina amalipaka mankhwala kuti lisamwe madzi, ndipo ndilo la gongbi. Lina amalisiya laliwisi, ndipo ndilo la xieyi. Laliwisili burashi ikangolikhudza limamwa nthawi yomweyo, inki n'kuyamba kuyenderera yokha kupitirira pomwe burashi inafika. Palibe chofufutira. Palibe kupaka pamwamba kuti ubise cholakwa, chifukwa mzere wachiwiri umaonekera poyera kuti unabwera mochedwa. Dzanja likazengereza, pepala limaulula ndi chibanga. Likathamanga mopitirira, mzere umauma n'kutsala mikwingwirima yoyera mkati mwake, ndipo akatswiri amaidziwa mphamvu ya zonse ziwirizi n'kumazigwiritsa ntchito mwadala.

N'chifukwa chake chithunzi cha mphindi khumi chimakhala ndi zaka zambiri kumbuyo kwake. Tiyeni tione chitsanzo chimodzi pafupi.

Tizilombo ta m'dziwe la kumudzi

A Qi Baishi amadziwika kwambiri ndi tizilombo tam'madzi totchedwa shrimp, tija ta thupi lamfundomfundo ndi ndevu zazitali. Kajambulidwe kawo kanali kotere. Ankanyowetsa burashi yonse ndi inki yotumbuluka, n'kuviika nsonga yokha mu inki yakuda pang'ono. Akagoneka burashi papepala kamodzi, mfundo imodzi ya thupi yatuluka, mbali ina yodera, mbali ina yoonekera ngati galasi. Mfundo zina zimatsatira, iliyonse ndi kukhudza kumodzi, zikucheperachepera mpaka kumchira. Mutu ukadali wonyowa, ankadonthezapo inki yowirira, ndipo inkiyo inkayenderera yokha mkati mwa mutu, n'kuoneka ngati ubongo wa kachilomboko pansi pa chigoba. Maso ndi timizere tiwiri takuda totuluka m'mbali. Pomaliza ndevu, zazitali, zoonda, zokokedwa ndi mpweya umodzi.

Madzi sankawajambula. Pepala loyera lozungulira tizilomboti ndilo madziwo, ndipo munthu amawaona chifukwa cha mmene ndevu zapindikira. Kusiya malo oyera kotereku ndi mbali ya luso, ndipo wojambula amakulingalira mofanana ndi mmene amalingalirira mzere. Malo oyerawo akhoza kukhala mtsinje, thambo, nkhungu kapena chipale chofewa, malinga ndi zimene zaikidwa pambali pake.

A Qi sanafike pamenepa tsiku limodzi. Atapitirira zaka 60 ankasunga tizilomboti tamoyo m'mbale ya madzi patebulo lawo, n'kumatiyang'anitsitsa mmene timasambirira. Chodabwitsa n'chakuti pamene ankatidziwa bwino, m'pamenenso ankachotsa zina. Timiyendo ta kumimba anatichepetsa pang'onopang'ono m'kupita kwa zaka mpaka kutsala tisanu, ndipo kachilomboko kanayamba kuoneka kamoyo kuposa kale.

Nanga n'chifukwa chiyani nkhalamba ya mumzinda wa Beijing inkatha zaka ndi tizilombo tam'dziwe? Yankho analilemba okha pachithunzi china. Ndakatulo yake ikuti zaka 50 zapitazo, ali kamwana, ankawedza tizilomboti ndi nyambo ya thonje, ndipo lero akujambula zimenezi mutu uli mbuu ndi imvi.

Kabelu ka agogo

Zithunzi za ana sizinayambe ndi a Qi. Su Hanchen, wa m'zaka za m'ma 1100, anajambula ana awiri akusewera m'munda wa maluwa, ndipo chithunzicho chikusungidwa ku National Palace Museum mumzinda wa Taipei. Panalinso mwambo wojambula anyamata ambirimbiri akusewera pamodzi, pansalu, pa mbale ndi pa zitseko. Koma ana a m'zithunzi zimenezo ndi onenepa, ovala silika, ojambulidwa mwa gongbi, ndipo ntchito yawo inali kufunira banja mwayi wobereka ana ambiri. Zinali zithunzi zoyang'ana kutsogolo. Zimene zinakula m'zaka za m'ma 1900 ndi zithunzi zoyang'ana m'mbuyo, pomwe wojambula akunena kuti mwana uyu ndine, mudzi uwu ndi wathu, ndipo sindingabwerereko.

A Qi anabadwa mu 1864 m'banja la alimi osauka ku Xiangtan, m'chigawo cha Hunan. Sukulu anaphunzira osakwana chaka, kwa agogo awo aamuna akuchikazi, kenako ntchito za pakhomo zinawaitana: kuweta ng'ombe, kutola nkhuni, kulera azing'ono awo. Anali mwana wodwaladwala. Agogo awo aakazi anagula kabelu kamkuwa n'kuwamangirira m'khosi ndi chingwe chofiira. Dzuwa likapendeka, agogowo ankaima pakhomo kumvetsera, ndipo akamva kabelu kakulira chapatali ankadziwa kuti mdzukulu wabwera bwino, n'kukakonza chakudya.

Thupi lawo silinali loyenera pulawo, choncho anawapereka kwa kalipentala, kenako anaphunzira kusema maluwa pa mipando ndi pa mabedi. Ali ndi zaka pafupifupi 20 anapeza m'nyumba ina imene ankagwirako ntchito buku lakale lophunzitsa kujambula. Analibwereka n'kulikopera tsamba ndi tsamba usiku. Anakhazikika ku Beijing mu 1919, zaka zitapitirira 50, atathawa chipwirikiti cha asilikali ndi achifwamba kwawo. Kumeneko ophunzira ena ankawanyoza kuti ndi kalipentala wakumudzi, ndipo zithunzi zawo sizinkayenda malonda. Mnzawo Chen Shizeng ndiye anawalimbikitsa kuti asiye kutsanzira akale n'kupeza njira yawoyawo, ndipo mu 1922 anatenga zithunzi zawo kupita nazo ku Tokyo, komwe zinagulidwa pamitengo yabwino. Kuyambira pamenepo dzina linamveka. Koma kumudzi kunali kutali. Mu 1926 makolo awo onse awiri anamwalira iwo palibe, nkhondo itatseka njira.

Njira yawoyawo imene anaipeza inali kubwerera kumudzi ndi burashi. Ophunzira akale ankajambula nsungwi ndi maluwa olemekezeka. A Qi anajambula chainizi, tsabola wofiira, anapiye awiri akukanganirana nyongolotsi, khoswe pansi pa nyali, ziwala, tombolombo, ngakhale chokokera tinkhuni ndi masamba chimene ankapita nacho kuphiri ali mwana. Ndipo atakalamba kwambiri anajambula kamnyamata kovala zofiira, kopanda nsapato, kakukoka ng'ombe ndi chingwe chachitali, kabelu kali pathupi. Pambali analemba kuti agogo mtima unkakhala pansi akamva belu. Kabelu kenikeni kanatayika m'chipwirikiti chija. Iwo anagula kena n'kumakamangirira m'chiuno, ndipo anasema chidindo chodzitcha munthu wovala belu.

Pano tikuona chifukwa chake zilembo ndi chidindo sizokongoletsera chabe. M'kajambulidwe kameneka chithunzi, ndakatulo, kalembedwe ndi chidindo zimawerengedwa pamodzi. Amene sadziwa Chitchaina amaona mwana ndi ng'ombe. Amene amawerenga amamva nkhalamba ikulira agogo ake amene anamwalira kalekale. Ine ndimaona kuti chithunzichi n'chimodzi mwa zinthu zachikondi kwambiri zimene munthu anaikapo papepala, ndipo agogowo mulibemo n'komwe.

A Qi anamwalira ku Beijing mu 1957, boma litawapatsa kale ulemu wa katswiri wa anthu mu 1953.

Atate amene ankaopa kuti ana akula

Feng Zikai, amene anabadwa mu 1898 ku Shimenwan m'chigawo cha Zhejiang, anafika pa nkhani yomweyi kudzera khomo lina. Zithunzi zake zili pakati pa xieyi ndi zojambula za m'nyuzipepala: burashi ndi inki ndi zamakolo, koma nkhani zake ndi za tsiku ndi tsiku. Anapita ku Japan mu 1921, anakopeka ndi zojambula zosavuta za wojambula wa kumeneko Takehisa Yumeji, ndipo kuyambira 1925 zithunzi zake zinayamba kutuluka pafupipafupi m'magazini ku Shanghai.

Iye ankayang'ana ana ake. Mwana wake wamwamuna anatenga zokupizira mphepo ziwiri zozungulira, za masamba a mgwalangwa, n'kuziika pakati pa miyendo, china kutsogolo china kumbuyo: njinga imeneyo. Mwana wake wamkazi anaona kuti mpando uli ndi miyendo inayi koma ulibe nsapato, ndiye anauveka zake ndi za mng'ono wake. Feng anajambula zimenezi ndi mizere yochepa kwambiri, ndipo kawirikawiri nkhope ankazisiya zopanda maso kapena mphuno. Analembera ana akewo kuti pamene adzafike pomvetsa zimene akuwauza, adzakhala atasiya kale kukhala anthu amene iye akuwasirira. Kupukwa kwake kunali kwachilendo, chifukwa ankalira ubwana umene unali ukadali pamaso pake. Nkhondo ndi Japan itabuka mu 1937 banja lake linathawa, nyumba yawo ya kumudzi inapsa, ndipo zithunzi zake zina za nthawi imeneyo zikuonetsa ana ndi amayi awo pansi pa ndege zoponya mabomba.

Wachitatu ndi Li Keran, wobadwa mu 1907. M'nkhondo yomweyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ankakhala m'nyumba ya mlimi kufupi ndi mzinda wa Chongqing, khoma lake logundana ndi khola la njati. Njati zimenezi ndi zoweta, zolimira m'minda ya mpunga, zofatsa moti mwana amazikwera. Li anazijambula moyo wake wonse, ndipo mu 1947 anakhala wophunzira wa a Qi. Njati yake ikalowa mumtsinje, chimene chimaoneka ndi mutu, nyanga ndi msana, kamwana kali pamwamba. Zina zonse ndi pepala loyera, koma palibe amene amakayika kuti miyendo ili m'madzi.

Chifukwa chake njira iyi imagwirizana ndi kukumbukira

Wojambula wa xieyi kawirikawiri sakhala pamaso pa chinthu chimene akujambula. Amachiyang'ana kwa nthawi yaitali, amachisunga, kenako amachijambula ali m'chipinda chake. Ndiye kuti chimene chimafika papepala chadutsa kale m'sefa ya kukumbukira, ndipo kukumbukira sikusunga zonse. Munthu wamkulu akaganiza za ubwana wake, mtundu wa khoma kapena chiwerengero cha mitengo sizibwera. Chimabwera ndi kulira kwa belu, kufiira kwa malaya, kutalika kwa chingwe. Zotsalazo zimakhala zoyera, ngati pepala lija.

Izi zikufanana ndi mmene timazindikirira m'bale wathu akubwera patali madzulo, nkhope isanaoneke. Timadziwa kuti ndi amalume chifukwa cha kayendedwe, kapendekedwe ka phewa, mmene agwirira ndodo. Mizere yochepa ya xieyi imagwira kayendedwe kameneko. Ndipo nkhope ikasiyidwa yopanda maso, monga ankachitira Feng, woonera aliyense amaikapo nkhope imene akuidziwa.

Palinso mphamvu ya chinthu chosaoneka. Mu 1951 mlembi wotchuka Lao She anapempha a Qi kuti ajambule mzere wa ndakatulo wonena za kulira kwa achule kumveka mtunda wautali kuchokera ku kasupe wa m'phiri. Phokoso lingajambulidwe bwanji? A Qi sanajambule chule ndi mmodzi yemwe. Anajambula madzi othamanga pakati pa matanthwe akuda, ndi ambululu angapo akutsika nawo. Woonera amadziwa yekha kuti kumtunda kuli achule, ndipo amawamva. Zithunzi za ubwana zimagwira ntchito chimodzimodzi: munthu wolakalakidwayo, kaya ndi agogo, kaya ndi mayi, nthawi zambiri amakhala kunja kwa pepala.

Kumudzi kumene kukutha

Kuti timvetse chifukwa chake zithunzi zotere zikukondedwa chonchi masiku ano, tiyenera kuona mmene China yasinthira. Cha m'ma 1980, anthu pafupifupi 20 pa 100 alionse ndiwo ankakhala m'matauni. Mu 2011 a m'tauni anaposa theka, ndipo kalembera wa 2020 anapeza kuti afika pafupifupi 64 pa 100. Anthu mamiliyoni mazanamazana amene anakulira m'minda ya mpunga ndi tirigu lero akukhala m'nyumba zosanjikizana, ndipo midzi yambiri imene anaisiya inagumulidwa, inamezedwa ndi mizinda, kapena mwatsala okalamba okha. Ntchito ya njati m'madera ambiri inatengedwa ndi makina. Pa Chitchaina kupukwa kumudzi kotereku amakutcha xiangchou, ndipo liwuli linalowa ngakhale m'chikalata cha msonkhano wa boma wokambirana za kukula kwa mizinda mu 2013, chimene chinati anthu azitha kuona mapiri, kuona madzi, ndi kukumbukira kwawo.

Kwa ambiri, zithunzi zimenezi n'zimenenso anakula nazo. Situdiyo ya Shanghai Animation Film Studio inatulutsa katuni ya ambululu ofunafuna mayi wawo mu 1960, yotengera kajambulidwe ka a Qi, ndipo mu 1963 inatulutsa ina ya m'busa wachitoliro ndi njati yake, yotengera ka Li Keran. Mwana wa m'tauni amene sanakwerepo njati amatha kupukwa akaona chithunzi cha njati, chifukwa anachiona koyamba ali pamiyendo ya makolo ake.

Zimene anthu amatsutsana

Mkangano woyamba ndi wa luso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anthu ofuna kusintha zinthu m'dzikolo monga Kang Youwei ndi Chen Duxiu anadzudzula kajambulidwe ka ophunzira akale kuti kanafooketsa luso la dzikolo, chifukwa ambiri ankangotsanzira akale osayang'ana chinthu chenicheni. Wojambula Xu Beihong, amene anakaphunzira ku Paris kuyambira 1919, anaumirira kuti wophunzira ayambe ndi kujambula chimene chili pamaso pake molondola. Chen Shizeng anayankha poteteza njira yakale, kunena kuti chithunzi chimanyamula khalidwe ndi maganizo a mwini wake, osati maonekedwe okha. Mkanganowu sunathe. Mpaka lero ena amati xieyi ndi pobisalira anthu osatha kujambula, poti aliyense akhoza kumwaza inki n'kunena kuti ndi ganizo. Ena amayankha kuti katswiri weniweni amaoneka ndi mzere umodzi wokha, ndipo amakumbutsa kuti a Qi ankathanso kujambula mapiko a tombolombo mtsempha uliwonse ukuoneka, pambali penipeni pa tsamba la inki yomwazika. Xu Beihong yemweyo ankalemekeza a Qi kwambiri ndipo anawaitana kukaphunzitsa pasukulu ya zojambula ku Beijing.

Mkangano wachiwiri ndi wa choonadi. Otsutsa amati zithunzi za ubwana zimatsekemeretsa umphawi. Mwana woweta njati anali mwana wosapita kusukulu, wopanda nsapato chifukwa kunalibe, ndipo ambiri a msinkhu wake sanakule n'komwe. Amalozanso ana a kumudzi a masiku ano amene makolo awo anapita kukagwira ntchito m'mizinda. Lipoti la bungwe la All-China Women's Federation la 2013 linayerekeza kuti ana otere, amene kholo limodzi kapena onse awiri ali kutali, analipo pafupifupi 61 miliyoni. Boma litawerenga mu 2016 ana osakwana zaka 16 amene atsala opanda kholo lowasamalira pakhomo, linapeza pafupifupi 9 miliyoni. Kwa otsutsawa, kupachika chithunzi cha kamwana kosangalala pa njati m'nyumba ya m'tauni ndi njira yosaonera ana amenewa.

Oteteza amati chithunzi cha kukumbukira sichilonjeza kukhala lipoti, ndiponso kuti munthu amene anakulira m'mavuto ali ndi ufulu wosunga zimene zinali zabwino m'mavutomo. Amati a Qi sanabise kuti anali osauka, popeza zida za ntchito zimene ophunzira ankaziona ngati zonyozeka ndi zomwe iwo anazikweza papepala, ndipo Feng anajambula ana a m'nkhondo ndi burashi yomweyo imene anajambulira njinga ya zokupizira. Ndakatulo ya pachithunzi cha belu ija imathandiza mbali zonse ziwiri. Itatha kunena za agogo ndi za kuweta, imapitiriza kuti ana ndi adzukulu akulimabe m'mvula ya dzinja monga kale, pamene mwini wake, atakalamba, akayang'ana pulawo ndi khasu nkhope imadzaza thukuta. Owerenga ambiri a Chitchaina amamva thukuta limeneli ngati la manyazi, a munthu amene anachoka n'kukapeza moyo wabwino mumzinda, abale ake akadali m'matope.